Abale Athu a ku Joni

Mamawa uno ena mwa ife tayatsa mbaula ndi makala ogulidwa ndi ndalama za pa Mukuru zochokera ku Johannesburg.

Amene anazitumizawo anadutsa pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda mpaka Beitbridge. Lero akuthirira maluwa a eni, akusoka, ena akulondera usiku m'chisanu. Amagona mothithikana m'kachipinda kamodzi, komabe Lamulungu amakumana n'kupemphera m'Chichewa. Mnzawo akatisiya amasonkherana, ngakhale sankamudziwa bwino, kuti akagone kumudzi kwawo. Ziwawa zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015 sizinauphe mtima umenewu.

Abale anga, tisamangowakumbuka ufa ukatha. Muimbireni foni m'bale wanu uja lero, mumufunse ngati wadya.