Za Mabungwe a Ophunzira, ndi Mtengo Wolowera M'menemo

Ndili ndi mlandu umene ndifuna kuti tiupende pamodzi, pakuti ana athu ambiri achoka tsopano ku Chintheche, ku Bandawe ndi ku Chifira kunka ku masukulu aakulu, ena ku Mzuzu kumene yunivesite inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1999, ena ku Livingstonia, ena ku Zomba. Mwana akafika kumeneko apeza kuti kulibe amalume ake, kulibe mnansi womdziwa dzina, ndipo nsima imene ampatsa si kondowole wa amake. Tsono afunafuna gulu limene lingamlandire, ndipo palibe womtsutsa, pakuti kali kokha nkanyama. Koma mlandu wanga ndi uwu: kodi gulu lotere liyenera kumlipitsa chiyani mlendo woima pakhomo pake?

Ku America mwambo umenewu uli wakale ndithu. Ophunzira a kumeneko amapangana m'mabungwe otchedwa ndi zilembo za Chigriki, ndipo loyamba la iwo, Phi Beta Kappa, linayamba m'chaka cha 1776 pa sukulu ya William and Mary. Anyamata ali ndi mabungwe awo, natchulana abale; asungwana ali ndi awonso, natchulana alongo. Ambiri agona nyumba imodzi, nadyera pamodzi, nasonkha ndalama zothandizira osauka; ndipo atakula, wina akakhala mkulu pa ntchito, akumbukira mbale wake wa m'bungwe. Izi n'zokoma. Koma salandira munthu aliyense. Kale mabungwe a Azungu anakaniza anthu akuda, kotero kuti anyamata akuda asanu ndi awiri a pa Cornell anamanga lawolawo m'chaka cha 1906, nalitcha Alpha Phi Alpha, limene Martin Luther King analowamo pambuyo pake. Taonani, khomo lotsekedwa linabala nyumba ina.

Chinthu china n'choopsa koposa. M'nyumba zina za mabungwe awa mlendo ayesedwa ndi manyazi, ndi kusagona, ndi kumwetsedwa mowa woposa muyeso, kuti aonetse ngati ayenera kutchedwa mbale. M'chaka cha 2017 mnyamata wa zaka 19 ku Pennsylvania anamwetsedwa chotero usiku womlandira, nagwa pa makwerero. Ndipo iwo amene anafuna kumtcha mbale anazengereza kufikira m'mawa osaitana thandizo, namwalira iye. Imfa zotere zinachuluka kufikira boma la dzikolo linaika lamulo m'chaka cha 2024 lakuti masukulu aziulula nkhanza zimenezi.

Kapena wina adzati, Izo n'za Azungu, ife tilibe. Inde zilembo za Chigriki tilibe pa makomo athu, koma mtima wake tili nawo, ndiponso tinaudziwa kale yunivesite isanamangidwe m'dziko muno. Ndani wa kunyanja kuno sadziwa boma la malipenga? Chiyambire kubwera kwa asilikali ochokera ku nkhondo ya 1914 kufikira 1918, anyamata a mudzi uliwonse anapangana, nasankha mfumu yawo, ndi akapitawo, ndi dokotala woyang'anira ukhondo. Navala zoyera zositidwa bwino, nanka kukapikisana ndi boma la mudzi wina. Asungwana nawonso ali ndi chioda chawo. Ine ndiona chinthu chimodzi chokoma m'malipenga chimene ophunzira akanachita bwino kuchitola: boma limene lalandira anzawo ochokera kutali liyesedwa ndi chakudya chimene lawaphikira ndi malo amene lawagoneka. Ulemu wake uli m'kuchereza. Boma limene alendo ake abwerera ndi njala lisekedwa m'midzi yonse.

Ophunzira athu oyamba anapangananso. Aphunzitsi, alembi ndi abusa amene anatuluka m'sukulu ya Overtoun ku Khondowe anayamba North Nyasa Native Association m'chaka cha 1912, ndipo kuno kwathu West Nyasa Native Association m'chaka cha 1914, m'mene munali mbusa Yesaya Zerenji Mwasi. Anali ochepa, anali odziwana kuyambira pa benchi la sukulu, ndipo mlimi wosadziwa kulemba sanapeze mpando wake msanga pakati pawo, ichi sindichibisa. Komatu milandu imene ananenera kwa Boma inali ya anthu onse: msonkho, masukulu, ndi masautso a iwo onka ku migodi. Mabungwe otere ndiwo anadzakumana m'chaka cha 1944 nakhala Nyasaland African Congress, Levi Mumba nakhala mtsogoleri wake woyamba. Kagulu kochepa kangathe kusenzera khamu mtolo, ngati maso ake ayang'ana kunja.

Lero pa masukulu aakulu pali magulu a mapemphero, monga SCOM imene inayamba m'chaka cha 1961, ndi magulu a mipingo. Palinso magulu a ana a boma limodzi kapena a chinenero chimodzi. Mwana wa ku Nkhata Bay akadwala, ndi anzake a kwawo amene amperekeza ku chipatala. Pakagwa maliro, ndi iwo amene asonkha ya ulendo. Sindingathe kunyoza ichi. Koma ndiopa tsiku limene gulu lomwelo lidzati kwa mwana wathu, Posankha mtsogoleri wa ophunzira usayang'ane nzeru zake, yang'ana kwawo. Mtumwi Paulo anadzudzula a ku Korinto chifukwa cha kugawikana kotere, pamene anadzitcha ena a mphunzitsi uyu, ena a uyo. Ndipo iwonso anali anthu opemphera.

Za nkhanza kwa alendo sitifunika kuoloka nyanja yamchere kuti tiziwone. Mwana wa mlongo wanga, atabwera pa tchuthi choyamba kuchokera ku sukulu ina yogonera komweko, anandisimbira kuti aakulu anamchapitsa zovala zawo, namlanda ndiwo zake, namuimbitsa nyimbo usiku pakati atagwada pa miyala. Anasimba akuseka, koma maso ake sanaseke. Ndinamfunsa kuti, Nanga chaka cha mawa, pakufika ang'ono ako, udzatani? Anakhala chete nthawi, nati, Amalume, ife tinalipira, iwonso alipire.

Mawu amenewo andisowetsa tulo koposa miyala ija. Mwanayo sanabadwe wankhanza. Ndinamuona ndi maso anga akugawira anzake usipa wake pa doko. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kufikira asodzi anayatsa nyali zawo pa nyanja, ndipo ndinampempha chinthu chimodzi chokha: kuti asankhe mlendo mmodzi, wosakhala wa kwathu kuno, amsonyeze pogona ndi potunga madzi, nadye naye mbale imodzi sabata yoyamba. Sanalonjeze. Anati adzandiyankha pa Khrisimasi.