Wobwera Kucokera ku Lodebara

Mefiboseti, mwana wa Jonatani, anapunduka miyendo ali wa zaka 5, nakulira ku Lodebara m'nyumba ya eni. Mfumu Davide sanangomtumizira cakudya ali komweko. Anamuitana, nambwezera minda ya Sauli, namdyetsa pamodzi ndi ana ace.

Lodebara aliko ndi kuno. Kale odwala misala a dziko lino anali kutumizidwa ku Ingutsheni, ku Bulawayo. Pambuyo pace, m'caka ca 1962, cipatala ca Chainama cinatsegulidwa ku Lusaka. M'zipatala zotere munatsekeredwanso ena osadwala misala konse, koma obadwa ndi nzeru zocedwa.

Munthu wotere akabwerera kumudzi zitapita zaka zambiri, ali mlendo kwao. Anazolowera kudzuka pouzidwa ndi kudya pouzidwa, cotero aima pakhomo kudikira cilolezo. Kapena amace anamwalira kale. Ana amthawa, akulu namucha citsiru, ndiwo mau osayenera pakamwa pa Mkristu.

Abale asamfulumize. Mmodzi amene iye amkhulupirira amsonyeze njira ya kucitsime, lero, mawa ndi mkuja, kufikira atapita yekha. Ampatse nchito imodzi yace yace, monga kutsekera mbuzi madzulo. Amfunsenso cimene afuna, pakuti zaka zonsezo panalibe womfunsa. Ngati anabwera ndi mankhwala a khunyu, asawaleke. Ndipo pa Sabata akulu a mpingo asamsiye pakhonde, koma akhale pakati pa amuna anzace, angakhale ayimba mosemphana nao.