Maufumu Amadza ndi Kupita, Koma Mulungu Ali Pampando



Mwezi uno tikupempha magulu onse kuti pokumana awerenge Danieli 2:31-45, Yesaya 45:1-7 ndi Yeremiya 29:4-14. Ena amati mabuku a aneneri ndi a ansembe ndi akatekisiti okha, poti mayina ake ndi ovuta kutchula ndipo nkhani zake ndi za nkhondo za kutali. Koma funso limene mabukuwa akuyankha ndi lomwe mayi aliyense amadzifunsa feteleza akakwera mtengo, boma likasintha, kapena madzi akakokolola munda wa nandolo: kodi amene akuyendetsa dziko lino ndani? Kodi ndi anthu a mphamvu, kapena alipo wina woposa iwo?

Nkhwangwa ndi mwini wake

Tiyambe ndi Asuri. M'chaka cha 722 Khristu asanabadwe, Asuri analanda mzinda wa Samariya natenga Aisraeli a kumpoto kupita nawo ku ukapolo. Anali anthu ankhanza, oopedwa ndi mitundu yonse yowazungulira. Pa Yesaya 10 timva kuti Mulungu anawatenga ngati ndodo yolangira anthu ake amene anasiya chilungamo. Koma mfumu ya Asuri inayesa kuti zonsezi yachita ndi nzeru zake ndi dzanja lake. Apa mneneri akuiyerekeza ndi nkhwangwa yodzitama pamaso pa munthu amene akudulira nayo mtengo. Ife amene timatema nkhuni tikudziwa kuti nkhwangwa ikaikidwa pansi imangokhala chitsulo chozizira. M'chaka cha 612 mzinda wawo waukulu wa Nineve unagwa, monga analengezera mneneri Nahumu. Mabwinja ake ali pafupi ndi mzinda wa Mosul ku Iraq.

Pambuyo pawo panadza Babulo. Nebukadinezara anagonjetsa Aigupto ku Karikemisi mu 605, anatenga mfumu Yehoyakini ndi anthu ambiri a ku Yerusalemu mu 597, ndipo patapita zaka khumi anatentha Kachisi. Mfumu yomweyi ndiyo inalota fano lalikulu: mutu wagolide, chifuwa ndi manja zasiliva, mimba ndi ntchafu zamkuwa, miyendo yachitsulo, mapazi achitsulo chosakanizika ndi dongo. Kenaka mwala wosasemedwa ndi manja a munthu unagunda mapaziwo, fano lonse linaphwanyika nkuuluzika ngati mankhusu, ndipo mwalawo unakula nkusanduka phiri lodzaza dziko lonse. Danieli, kapolo wochokera ku Yuda, anauza mfumu maso ndi maso kuti mutu wagolidewo ndi iyeyo, koma ufumu wake udzatsatidwa ndi ena, ndipo wokhalitsa ndi ufumu wa Mulungu wokha.

Mu 539 Koresi mfumu ya Perisiya analanda Babulo. Munthu ameneyu sanali wopembedza Mulungu wa Israeli, koma pa Yesaya 45 akutchulidwa dzina lake ndi kutchedwa wodzozedwa. Buku la Ezara likuyamba ndi lamulo lake lolola Ayuda kubwerera kwawo kukamanganso Kachisi, ndipo ntchitoyo inatha cha m'ma 516, pafupifupi zaka 70 chiwonongekere Kachisi woyamba. Mu 1879 anthu okumba m'mabwinja a Babulo anapeza chiwiya chadongo cholembedwa mawu a Koresi, chonena za kubwezera anthu ndi milungu yawo kumalo awo. Chiwiyachi chimasungidwa ku British Museum mu mzinda wa London.

Perisiya nayenso sanakhalitse. Danieli 8 akunena za nkhosa yamphongo ya nyanga ziwiri imene inagundidwa ndi tonde wochokera kumadzulo, ndipo mutu womwewo ukumasulira kuti nkhosayo ndi mafumu a Mediya ndi Perisiya, tondeyo ndi mfumu ya Agriki. Alexander anagonjetsa Perisiya mu 331, koma mu 323 anamwalira ku Babulo ali ndi zaka 32 zokha, akuluakulu a nkhondo ake nagawana ufumuwo. Iye anafuna ulemerero wake, koma chimene anasiya ndi chiyankhulo cha Chigriki, chomwe pambuyo pake chinadzalembedwa nacho Chipangano Chatsopano. Aroma atadza, anamanga misewu yoti asilikali awo aziyendamo, ndipo m'misewu yomweyo munayenda Paulo ndi Uthenga Wabwino. Kaisara Augusto analamula kalembera wa anthu a mu ufumu wake, osadziwa kuti lamulo lakelo lifikitsa Mariya ku Betelehemu, kumene mneneri Mika ananena kuti kudzachokera wolamulira.

Si za kutali zokha

Amayi anzathu, tisayese kuti izi zinathera ku Babulo. Dziko lathu lino linali ndi ufumu wa Amaravi, wa ma Kalonga ndi a Lundu, umene unamveka mpaka kunyanja ya mchere. Unafooka nkugawikana. M'zaka za m'ma 1800 kunadza malonda a akapolo, ndipo mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi unali njira imodzi yodutsira anthu omangidwa magoli popita kugombe. Azimayi ngati ife anadutsa pamenepo, ena ana ali kumsana, osadzaonanso kwawo.

Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie wa UMCA anafika ku Magomero, ndipo anthu oyamba kukhala naye anali akapolo omasulidwa panjira. Iye anamwalira mu Januwale 1862, mishoni ya Magomero nkutha posakhalitsa, zonse zikuoneka ngati zalephera. Koma msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pomwepo panamangidwa tchalitchi chachikulu cha Anglikani. Mu 1891 Angerezi anayamba kulamulira dziko lino, ndipo mu 1893 anamanga linga la Fort Lister pampata uja kuti atseke njira ya akapolo. Njirayo inatsekekadi, ndipo tiyenera kuyamika Mulungu pa chimenechi.

Koma Koresi sanali mngelo, Angerezinso sanali angelo. Boma lomwe linathetsa magoli ndi lomwe linabweretsa msonkho wa nyumba ndi kulola thangata m'maesiteti. Makolo a ambiri a ife, Alomwe, anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhanza, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, koma ambiri anadzagweranso m'thangata kuno. Kuwawa kwa thangata ndi chimodzi mwa zimene zinadzutsa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Lero maufumu awiri onsewa ali kuti? Angerezi anatula ulamuliro mu 1964, Apwitikizi anachoka ku Mozambique mu 1975, ndipo Fort Lister ndi bwinja lomera udzu. Koma adzukulu a anthu othawa aja ndi amene akuimba m'kwaya, kuphunzitsa Sande sukulu ndi kutsogolera mapemphero m'matchalitchi athu. Fano linagwa, mwala ukukulabe.

Zinthu zitatu zoti tisamale

Choyamba, kunena kuti Mulungu amalamulira mbiri sikutanthauza kuti amavomereza nkhanza. Asuri analangidwa chifukwa cha kudzikuza kwawo, Babulo anaweruzidwa chifukwa sanachitire chifundo ngakhale okalamba, monga tiwerenga pa Yesaya 47. Wogulitsa akapolo sangabisale kuseri kwa mawu oti Mulungu ndiye anafuna. Chimodzimodzinso mwamuna womenya mkazi wake, wachibale wolanda katundu wa mayi wamasiye, kapena mtsogoleri wodya chimanga cha anthu ovutika. Mulungu amatha kutulutsa chabwino m'choipa, monga anachitira ndi Yosefe amene abale ake anamugulitsa, koma choipacho chimakhalabe choipa, ndipo wochichita adzayankha. Tisauze mnzathu wozunzidwa kuti angopirira poti ndi chifuniro cha Mulungu. Timuperekeze kwa ankhoswe, kwa wansembe, kwa amfumu, ndipo pakafunika, kupolisi.

Pamenepa tinenenso za masoka athu. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope, napha anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso chimodzimodzi, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ambiri a m'maboma a kum'mwera. Pali ena amene amafulumira kunena kuti midzi yakutiyakuti inachimwa. Aneneri anauzidwa ndi Mulungu mwini chifukwa chimene Samariya anagwera. Ife sitinauzidwe zotero za abale athu. Pa Luka 13 Ambuye Yesu anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo. Paja akulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ntchito yathu ndi kulira ndi olira, kusamala ana amasiye, kubzala mitengo m'mapiri ndi kumvera machenjezo a zanyengo.

Chachiwiri, tichenjere ndi aneneri onama. Pa Yeremiya 28 tikumana ndi Hananiya, amene analonjeza m'Kachisi kuti goli la Babulo lithyoka zaka ziwiri zisanathe. Uthenga wake unali wokoma m'makutu, pamene Yeremiya ankanena za zaka 70. Hananiya anamwalira chaka chomwecho, ndipo ukapolo unapitirira. Masiku ano aliponso otenga buku la Danieli nkumawerengera masiku a kutha kwa dziko, kapena kulonjeza chuma chamsangamsanga kwa amene apereke ndalama ya mafuta odzozera. Amayi ena agulitsa mbuzi, ena asiya kumwa mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mawu otere. Pa Machitidwe 1:7 Ambuye anauza ophunzira ake kuti nthawi ndi nyengo zili m'manja mwa Atate okha. Ulosi unaperekedwa kuti utilimbitse mtima ndi kutibweza ku machimo, osati kuti ukhale malonda. Ife a kuno tikudziwa kaphikidwe ka kalongonda: amafuna moto wa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, ndipo wofulumira kuphula amadwalitsa banja lake. Malonjezo a Mulungu nawonso amapsa pa nthawi yake. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachitatu, kudikira si kupinda manja. Kalata ya Yeremiya kwa akapolo a ku Babulo inawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana awo, ndipo apempherere mtendere wa mzinda umene anatengedwerako. Zambiri mwa izi ndi ntchito zimene zili m'manja mwa amayi tsiku ndi tsiku. Chikhulupiriro cha Israeli sichinasungidwe ndi asilikali ku Babulo, poti analibe. Chinasungidwa m'mabanja, mmene ana ankaphunzira dzina la Mulungu wawo pa chakudya ndi pa Sabata. Kumbukirani anamwino Sifra ndi Puwa amene anakana lamulo la Farao lopha ana aamuna. Kumbukirani Estere, mwana wamasiye, amene anaika moyo wake pachiswe pamaso pa Ahaswero mfumu ya Perisiya napulumutsa mtundu wake. Kumbukirani Mariya wa ku Nazarete, amene nyimbo yake timaimba pa mapemphero a madzulo, yotikumbutsa kuti Mulungu amatsitsa amphamvu ndi kukweza onyozeka. Mafumu aja ankaganiza kuti mbiri ikulembedwa m'nyumba zawo zachifumu, pamene Mulungu ankailemba kudzera mwa amayi osatchuka.

Mothers' Union yomwe inayamba ndi mayi mmodzi, Mary Sumner, amene mu 1876 anasonkhanitsa amayi a m'parishi yake ku England kuti azithandizana kulera ana m'chikhristu. Ufumu wa Angerezi umene unali pachimake nthawi imeneyo unatha, koma bungweli lili m'maiko ambiri, kuphatikizapo lathu lino. Choncho mayi amene akuumiriza mwana wake wamkazi kumaliza sukulu, amene akuphikira wodwala phala, amene akuponya voti mwanzeru osagulidwa ndi chitenje kapena sopo, akugwira ntchito ya ufumu wosagwedezeka.

Pokambirana m'magulu

Kodi ndi zinthu ziti zimene tikuziopa lero ngati kuti ndi zamuyaya? Kodi mneneri woona tingamusiyanitse bwanji ndi wonama? Kodi m'mudzi mwathu ndani amene wauzidwa kuti apirire nkhanza, ndipo gulu lathu limuthandiza bwanji mwezi uno?

Tipemphere

Mulungu wamphamvuzonse, Inu amene mumaika mafumu ndi kuwachotsa, tikuyamikani chifukwa munasunga makolo athu m'masiku a ukapolo ndi a thangata. Patsani atsogoleri athu mtima woopa Inu. Tonthozani onse amene anataya abale awo m'madzi ndi m'matope. Titetezeni kwa onyenga, ndipo mutilimbitse kuti timange mabanja athu pa mwala wosagwedezeka, ndiye Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.