Mwana Wobadwa ndi Mlomo Wong'ambika: Udindo Ngwa Yani?

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Salima, monga kwa Maganga, ku Lifuwu ndi ku Chipoka, mwana akabadwa ndi mlomo wong'ambika nthungululu imamveka mozizira. Funso limene limafulumira pakamwa pa achibale ndi lakuti walakwa ndani. Ena amaloza mayi, ati anadya zosayenera ali ndi pakati. Ena amaloza nkhalamba ya pamudzi, ati yalodza. Pamene akulu akusakasaka wolakwa, khandalo likulephera kuyamwa.

Funso limeneli ndi lakale. Pa Yohane mutu 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa ngati tchimo linali lake kapena la makolo ake. Ambuye anakana zonse ziwiri, namuchiritsa. Nawo achipatala salozanso munthu chala. Mlomo wa mwana umaumbika pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7 ya mimba, pamene amayi ambiri sanazindikire n'komwe kuti ndi oyembekezera. Mbali ziwirizo zikapanda kulumikizana pamatsala mpata, ndipo nthawi zina mpatawo umafika kumwamba kwa m'kamwa. Padziko lonse izi zimachitikira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 700, olemera ndi osauka omwe.

Wolakwa akasowa, funso lotsala ndi lakuti udindo ngwa yani. Chithandizo chilipo m'dziko muno. Bungwe la Operation Smile linayamba kugwira ntchito ku Malawi m'chaka cha 2012, ndipo lakhala likuchita maopaleshoni aulere pa zipatala zikuluzikulu, kuphatikizapo cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Ku Blantyre chipatala cha Beit CURE nacho chimathandiza ana otere. Kusoka mlomo kumatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo kumachitika bwino mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6.

Komatu chaulere chili ndi mtengo wake kwa munthu wosauka. Kuchoka pa Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo wochokera kugombe amayamba walipira kabaza asanakwere minibasi. Mayi akachoka, usipa wa pathandala usowa wouyanika, ana otsala asowa wowaphikira. Ikakhala nyengo ya mwera, bambo amatha masiku osalowa m'nyanja, ndalama n'kusoweratu. Chowawa kwambiri n'chakuti mwana wolephera kuyamwa amanyentchera, ndipo wonyentchera madokotala sangamugoneke tulo ta opaleshoni mpaka sikelo yake itakwera. Banja likhoza kugulitsa mbuzi, kufika ku Lilongwe, n'kuuzidwa kuti libwerenso.

Wina anganene kuti m'dziko mmene malungo akupha ana, kusoka mlomo n'kukongoletsa chabe. Maganizo amenewa amaiwala kuti mkaka umatulukira m'mphuno mwa khandalo, kuti makutu ake amadwaladwala, ndi kuti akakula mawu ake samveka bwino. Amaiwalanso mwana wa sitandade 2 amene wasiya sukulu chifukwa chotopa n'kusekedwa.

Pali mbuna inanso imene ngakhale anthu achifundo amagweramo: kuganiza kuti mwanayo adzakhala munthu weniweni akadzasokedwa. Ulemu wake sauchokera nawo ku chipinda cha opaleshoni. Anabadwa nawo. Dokotala amathandiza mwana kudya, kulankhula ndi kuphunzira, koma sangasoke lilime la mnansi wonyoza kapena mtima wa bambo wothawa banja. Ngati mudzi ungalandire mwana pokhapokha nkhope yake itakonzedwa, ndiye kuti wodwala kwambiri ndi mudziwo.

Nanga mkhristu wa m'tauni zikumukhudza bwanji? Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene amadya usipa wa ku Senga Bay ali kale pa ubale ndi banja limene linauyanika. Ndiponso zimene banja la kugombe likusowa, wa m'tauni ali nazo pafupi: amadziwa khomo la chipatala, amamva zolengeza pa wailesi, ali ndi foni ndi pogona. Mphakati ukhoza kusonkha ya minibasi ya mayi mmodzi. Amayi a m'parishi akhoza kupititsa phala ndi sopo kwa odikirira odwala. Wopita kumudzi pa tchuthi akhoza kuuza achibale kuti vutoli limachizika, kuti apite kwa mlangizi wa zaumoyo kapena ku chipatala cha boma cha Salima kukalembetsa, ndi kuti ngakhale wamkulu amene anakula osasokedwa sanachedwe.

Palibe amene anachimwa kuti mwanayo abadwe chotero. Koma akakula chotero, chithandizo chili pa mtunda wa maola awiri okha, pamenepo ndiye pali mlandu, ndipo woyankha si mayi wake yekha.