Wokumba manda safunsa malipiro

M'midzi ya ku Mecanhelas, boma la m'chigawo cha Niassa lomwe lagundana ndi Malawi pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, mwana amakula akudziwa kuti ntchito sizifanana. Ganyu amagwira kuti alandire metikali kapena lichero la chimanga. Dima ndi ina: lero mudzi wapalira munda wako, wawaphikira thobwa, mawa nawe unyamula khasu kupita kwa mnzako, pakuti kupatsa n'kuika. Koma pali ntchito yomwe akulu amailemekeza kuposa zonsezi, yogwirira munthu amene sadzatha kubweza. Kufolera nyumba ya gogo wopanda ana, kupalasa njinga usiku kutengera mayi wodwala ku chipatala ku Insaca, kutungira madzi wopuwala. Akulu amati ntchito yotere ndi nsembe, ndipo ili ndi mwambo wake monga nsembe ina iliyonse.

Amene akufuna kuumvetsa mwambowu ayang'ane adzukulu. Uthenga wa maliro ukangomveka, iwo amalawirira tambala woyamba, makasu ndi mafosholo paphewa. Mfumu ikaloza malo, amayamba kukumba mosinthana, wina ali m'dzenje, ena akukokera dothi pambali. Nthawi ya dzinja, kumadambo a kufupi ndi nyanja, madzi amatumphuka dzenje lisanafike m'chiuno, ndiye amakapa ndi ndowa n'kumapitiriza. Nsima imawapeza komweko. Amachita nthabwala zoti munthu wachilendo angadabwe nazo, koma palibe amene amafunsa kuti malemuyo anasiya chuma chanji. Manda a wamalonda wa pa Entre-Lagos ndi manda a msodzi wa matemba amakumbidwa ndi manja omwewo. Ndipo amene akugwiriridwa ntchitoyo sanena zikomo, chifukwa wagona. Ndi chifukwa chake akulu polangiza anyamata amayambira kumanda: ukaphunzira kutumikira munthu amene sangakuthokoze, amoyo sadzakuvuta.

Kusiwa nako amayi amakhala atayamba kale. Wina wabwera ndi mbale ya ufa atavundikira ndi chitenje, wina mtolo wa nkhuni, wina wangobwera ndi manja ake kudzatsuka miphika. Amayi achikulire amasambitsa thupi ngati womwalirayo ndi wamkazi, ndipo zimene aona m'chipindamo zimathera momwemo. Mtsikana amene wavinidwa amazidziwa izi, pakuti anamkungwi, kapena anakanga kwa Ayao, amamuuza kuti kwa wodwala ndi kwa wofedwa sadikira kuitanidwa.

Malangizo okhwima kwambiri ndi okhudza pakamwa. Wathandiza, khala chete. Munthu amene wapereka ufa kwa mnansi wake n'kukalengeza pamjigo wasandutsa mphatso kukhala ngongole, ndipo wolandirayo aziyenda chozyolika m'mudzi mwake momwe. N'chifukwa chake amayi akale ankanyamula chakudya cha wosauka madzulo kuli chisisira, kapena kutuma mwana ndi mawu oti amayi akuti mulaweko ndiwozi. Wolandirayo ankadziwa kuti si nkhani yolawa, koma ulemu wake unkatsala. Akulu amaletsanso kusankha. Mecanhelas muli Amakua, Alomwe, Ayao ndi Anyanja, muli mizikiti ndi matchalitchi, ndipo mlatho wa mitengo ukakokoloka ndi madzi onse amavutika chimodzimodzi. Wodzipereka amene amayamba wafunsa kuti wodwalayo amapemphera kuti, akulu amamuona ngati wofuna kutchuka kwa anzake a mumpingo basi.

Pa mfundo imeneyi zipembedzo za m'derali zimakumana mosavuta. Msilamu amaphunzitsidwa kuti sadaka si ndalama zokha, ngakhale kuchotsa minga panjira kuli ndi sawabu kwa Mulungu. Mkhristu amamva kutchalitchi kuti chithandizo chabwino ndi chamseri. Makolo, mizikiti ndi matchalitchi zisanafike, ankakhulupirira kuti mizimu imaona mmene mudzi ukusungira amasiye ake, ndi kuti mudzi wouma mtima umadziitanira tsoka. Onsewa akugwirizana kuti pali Wina amene akuona, choncho sipafunikanso mboni. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene ntchito yodzipereka imasanduka pemphero, chifukwa imaphwanya kamtima kofuna kuwerengera chilichonse.

Mbiri ya dziko la Mozambique inauyesa mwambowu pamoto. Mu 1977, patangopita zaka ziwiri dziko litalandira ufulu, Akatolika anasonkhana ku Beira n'kugwirizana kuti mpingo uziyendetsedwa m'magulu ang'onoang'ono a m'midzi, akhristu wamba akugawana maudindo. Ansembe anali ochepa, sukulu ndi zipatala za mishoni boma linali litazitenga. Kenaka nkhondo yapachiweniweni inabuka, misewu inatsekeka, ndipo midzi yambiri ya ku Niassa inkatha nthawi yaitali osaona wansembe. Amene ankatsogolera mapemphero Lamulungu, kuyendera odwala ndi kuika maliro anali akatekisiti ndi akulu a mpingo, alimi ngati anzawo, osalandira kanthu. Anthu pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri anayamba alandiridwa ndi mabanja wamba, amene anawapatsa malo ogona ndi kachigawo ka munda mabungwe asanafike. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, obwerera kwawo anapeza minda itasanduka thengo, ndipo anamangirana nyumba mwa njira yomwe ija ya makolo.

Boma nalo linatsamira pa mtima womwewu. Mu 1978 linayambitsa ndondomeko yophunzitsa anthu osankhidwa ndi mudzi kuti azipereka chithandizo choyamba cha zaumoyo, amene anapatsidwa dzina loti APE. Nkhondo inaisokoneza, koma inatsitsimutsidwa mu 2010, ndipo iwo anayamba kulandira kangachepe pamwezi. Pambali pawo pali ena ambiri osalandira kalikonse: a komiti ya mjigo, amayi oyendera oyembekezera, achinyamata ofalitsa uthenga wa katemera. Kolera itabuka ku Niassa mu 2022, anthu otere ndi amene ankayenda khomo ndi khomo ndi mankhwala othira m'madzi. Si ntchito yopepuka. M'madera ena a kumpoto kwa Mozambique, monga ku Nampula, anthu a zaumoyo akhala akumenyedwa chifukwa cha mphekesera zoti ndiwo akufalitsa matendawo. Wodzipereka amene mudzi umamudziwa kuti ndi yemwe uja amakumba nawo manda, amamvedwa msanga kuposa mlendo wotsika pagalimoto.

Masiku ano kwabwera chinthu chimene chasokoneza mitu, ndicho ndalama za pamsonkhano. Bungwe likaitana anthu kuti likawaphunzitse kukumba zimbudzi zawo zomwe, funso loyamba limakhala loti kodi pali kanthu. Ena amalembetsa dzina, kulandira malaya ndi chipewa, kenaka osaonekanso mpaka tsiku lojambulitsa. Mnyamata amene anazolowera zimenezi mfumu ikamema anthu kukalambula msewu amayankha kuti alibe nthawi. Akulu akadandaula kuti ana a lero auma mtima, sakunama kwenikweni.

Komabe mlandu sungagwere achinyamata okha. Pali mabungwe ndi atsogoleri amene apeza njira yotchipa: ntchito yoyenera malipiro amaitcha yodzipereka, n'kumalimbikitsa mlimi wosauka kuti mphotho yake ili kumwamba, iwo eni akulandira mwezi ndi mwezi. Izi si za makolo. Mwambo unali ndi malire ake. Adzukulu salipidwa, koma sagwira ntchito ndi njala, ndipo tsiku limene kwawo kwagwa zovuta mudzi wonse umakhamukira kumeneko. Mzamba ankabwerera kwawo ndi nkhuku kapena ufa, osati monga mtengo wa ntchito yake koma kuti asakagone ndi njala chifukwa chothandiza ena. Nsembe ndi imene munthu wapereka mwa kufuna kwake. Ikakhala yochita kumufinya, ndiye kuti ndi thangata, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri za malire amadziwa bwino mmene ntchito yokakamiza ya nthawi ya atsamunda inkawawira.

Choncho malangizo ali mbali ziwiri, ngakhale kuti nthawi zambiri timangomva imodzi. Wotumikira asawerengere, asalengeze, asasankhe. Otumikiridwa nawo atsegule maso. Katekisiti amene wapalasa njinga tsiku lonse kukaika maliro kutsidya, munda wake ukumera udzu ngati wa wina aliyense. Mayi wa komiti ya mjigo amene amayenda kukatolera ndalama zokonzera, ana ake nawo amadya.

Inu mafumu, mashehe ndi akulu a mipingo a ku Insaca, ku Chiuta ndi ku Entre-Lagos, mvula ikayamba chaka chino memani dima kuminda ya anthu amenewa, musadikire kuti achite kupempha.