Funsani Buku la Malo

Ana anga, ndi inu adzukulu, senderani kuno. Ambiri a inu mitima ili ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ena mukusonkhanitsa ndalama za manachesi kuti mugule puloti pa Mwanza boma, ena mwangofika kumene kuchokera ku Joni ndi kangachepe m'thumba. Sindikuletsani. Koma musanapereke ndalama kwa munthu amene akukulozerani malo ndi chala, ndikufuna mudziwe mmene boma ndi makhonsolo amasungira malo awo, chifukwa wosadziwa zimenezi amagula mlandu ndi ndalama zake zomwe.

Tiyambire pakhomo pano. Kuno kwa Nthache malo ambiri ndi a makolo. Munda ndi wa mbumba, malume amadziwa pamene walekezera, nyakwawa ndiyo mboni. Malire ake ndi khonje, nkhadze, mtengo wa mango, chulu kapena khwawa. Dongosolo limeneli lidatisunga zaka zambiri ndipo sindilinyoza, koma lidayenda bwino chifukwa tidali ochepa. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, ndipo Mwanza yokha, ngakhale kuti Neno idakhala boma payokha mu 2003, idali ndi anthu pafupifupi 130,000. Nthaka ndi yomwe ija. Chulu oumba njerwa amachigumula, mtengo wa mango umapita ku makala, ndipo nkhalamba imene idalipo poika malire imapita kumanda ndi zonse zimene idaona.

Munda wa munthu sundidetsa nkhawa kwambiri. Lowererani mzere umodzi wokha wa mnansi wanu, muone ngati dzuwa lingalowe nkhani isanafike kwa amfumu. Amene amandisowetsa tulo ndi malo a tonse: a sukulu, a chipatala, msika, manda, dambo lodyetsa ziweto, bwalo la mpira, njira yopita kumjigo. Ambiri a malo amenewa adaperekedwa pakamwa. Mfumu idaimirira pamsonkhano n'kunena kuti sukulu imangidwe kuyambira pamtengo uwo mpaka kumtsinje, anthu adaomba m'manja, amayi adalulutira, basi nkhani idathera pomwepo. Palibe adayeza, palibe adalemba. Lero mdzukulu wa amene adapereka malowo akuti agogo adangobwereketsa. Wina akulima nyemba kuseri kwa zimbudzi za ana. Chaka chino mizere iwiri, chaka chamawa isanu, kenaka maziko a nyumba. Aphunzitsi aakulu ndi mlendo wobwera ndi kalata ya ntchito, malirewo sawadziwa, ndipo kukangana ndi eni mudzi amene amagula nawo ufa sikophweka.

Kutauni zimenezi adazikonzera njira, ndipo njirayo ili ndi zinthu zitatu zimene ziyenera kugwirizana: mapu, zikhomo ndi kaundula. Saveya amayeza malo n'kukhoma zikhomo za simenti m'makona, zija anyamata mumati mabikoni. Akatero amajambula mapu osonyeza kutalika kwa mbali iliyonse, ndipo puloti imapatsidwa nambala. Nambalayo imalowa m'kaundula, mmene amalembamo mwini wake, kukula kwa malo, ntchito imene malowo adaikidwira, ndiponso ngati banki idawagwira chikole. Zitatuzi zikamanena chinthu chimodzi, malo ali pabwino. Chimodzi chikasiyana ndi zinzake, maloya ndiwo amadyerapo. Ife a m'malire zikhomo sizachilendo kwa ife. Malire athu ndi Mozambique adachokera pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, ndipo mpaka lero mayiko awiriwa amatuma anthu kukaona zikhomo. Ngati maboma athunthu sadalira pakamwa, komiti ya sukulu ingadalire bwanji?

Chimene chimasokoneza anthu akafika mumzinda n'choti malo akumeneko alibe mwini mmodzi. Ena ali m'manja mwa Unduna wa za Malo. Ena ndi a bungwe la nyumba la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa mu 1964. Ena ndi a khonsolo ya mzinda, monga misika, madepoti, manda ndi madera ambiri a nyumba za anthu wamba. Ena ndi a anthu kapena makampani. Ku Lilongwe kudalinso bungwe la Capital City Development Corporation, limene lidakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano. Likulu lidasamuka ku Zomba mu 1975, bungwelo lidathetsedwa mu 1984, ndipo malo ndi mafaelo ake zidapita m'manja mwa ena. Aliyense wa eni amenewa ali ndi mabuku ake. Fayilo ikamasamuka kuchoka ofesi ina kupita ina, pepala limatha kuthothoka, ndipo nthawi zina silithothoka lokha. Ndi m'mipata imeneyi mmene madobadoba amapezera phindu, ndipo ndi momwe puloti imodzi imapezekera ndi anthu awiri, aliyense atagwira kalata ya chidindo.

Boma likakupatsani puloti kutauni, kawirikawiri silikugulitsani nthakayo mpaka muyaya. Limakupatsani lizi, nthawi zambiri ya zaka 99, ndipo lizi imakhala ndi malamulo ake: kulipira msonkho wa malo chaka ndi chaka, kumanga pa nthawi imene mwauzidwa, kumanga zimene a mapulani avomereza. Mukalephera akhoza kukulandani. Kalata yoyamba ija yokuuzani kuti mwapatsidwa malo si umwini ayi, ndi lonjezo chabe lodikira kuti mukwaniritse zofunika. Ndaona anthu akuiika m'fulemu pakhoma ngati kuti nkhani yatha. Khonsolo nayo ili ndi buku lina la mitengo ya nyumba ndi malo, limene liyenera kukonzedwanso pa zaka zisanu zilizonse, ndipo misonkho ya mumzinda imawerengedwa kuchokera m'menemo. Bukulo likakhala lakale, nyumba zatsopano sizilipira, khonsolo imasowa ndalama yochotsera zinyalala ndi kukonza ngalande. Mukadzamva anthu akudandaula kuti khonsolo sigwira ntchito, dzafunseni ngati khonsoloyo ikudziwa chimene ili nacho.

Musaganize kuti ndikukamba zongopeka. Mu 2019 dziko lonse lidatekeseka ndi nkhani ya sukulu ya Livimbo ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe, zitamveka kuti malo a sukuluyo apita m'manja mwa wamalonda. Nduna, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi atolankhani adakhamukira kumeneko, ndipo mkangano wonse udagona pa funso lakuti malire enieni a sukulu ali pati. Imeneyo ndi sukulu ya pakati pa likulu, pafupi ndi maofesi onse a za malo. Nanga ya kuno kwathu, imene malire ake ndi mtengo wa mango?

Ku Blantyre zidafika popweteka. Phiri la Soche silidali lomangapo nyumba, aliyense ankadziwa, koma anthu adakwera pang'onopang'ono, ena atagula kwa anthu amene adalibe mphamvu yogulitsa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phirilo, matope ndi miyala zidatsikira ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Osauka amene adamanga kumeneko sindiwaweruza, poti lendi kutauni imaluma ndipo maploti ovomerezeka sapezeka msanga. Amene ndimawafunsa ndi osunga malo a boma, amene ankaona nyumba yoyamba, yachiwiri, yachikhumi, osayankhula. Khonsolo imene ilola malo ake kulowereredwa kwa zaka zambiri n'kudzabwera ndi zigumula nyumba zitadzaza ndiye kuti idagona pa ntchito, chifukwa ntchito yake idali kuyendera malire phiri likadali ndi mitengo.

Pali ena mwa anzanga okalamba amene amadana ndi zolembalemba, ndipo ndimawamvetsa. Pepala lidatipweteka kale. Kuyambira 1892 Harry Johnston ankapereka zikalata za umwini kwa Azungu pa malo aakulu a kummwera kuno, eni nthaka n'kusanduka alendo ogwira thangata pa malo a makolo awo, ndipo mkwiyo umenewo ndi umodzi mwa imene idadzutsa John Chilembwe mu 1915. Koma taganizani bwino. Makolo athu adagonja chifukwa mlendo adali ndi pepala, iwo adalibe. Kuthawa kaundula lero ndi kubwereza zomwezo mwadala.

Malamulo atsopano a za malo adakhazikitsidwa mu 2016, kutsatira ndondomeko ya malo ya 2002, ndipo adakonzedwanso mu 2022 mafumu ndi anthu ena atadandaula. Lamulo la malo a makolo likuti kwa gulupu aliyense kukhale komiti ya za malo, gulupuyo ndiye wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Milandu ya malo imayambira ku bwalo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu. Banja likhoza kulembetsa malo ake n'kulandira chiphaso. Ntchito yoyeserera idachitika m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Unduna nawo wayamba kusunga kaundula wa malo pa kompyuta, ndipo n'zabwino, poti chiswe sichidya kompyuta. Koma kompyuta imasunga chimene munthu wailowetsa. Akalowetsa bodza, lidzakhala bodza losungika bwino.

Apa ndiye pali ntchito yanu. Inu ndi amene mudapita kusukulu, mumatha kuwerenga mapu, mafoni anu amaonetsa pamene munthu waima. Komiti ya malo ikamasankhidwa musathawire ku mpira n'kusiyira ife amene maso adachita chidima. Ndipo inu atsikana, musamve za amene akuti nkhani za malo ndi za abambo. Kuno minda yambiri imayenda ndi mbumba, ndi ya amayi anu ndi inu nomwe. Polembetsa yang'anitsitsani dzina limene likulowa m'buku. Malume ndi mlonda wa munda, koma dzina lake lokha likalembedwa, ana ake adzabwera ndi chiphasocho iye atapita, ndipo bwalo lidzamvera pepala.

Mwina mukuti kuno n'kumudzi, ndani angafune malo athu? Mwaiwala msanga. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala idadutsa m'boma lino. Nthambo zikuluzikulu za magetsi zochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kupita ku Phombeya ku Balaka njira yake ndi yomweyinso. Ntchito zotere zikafika amabwera ndi mafomu a chipukuta misozi, amawerenga mitengo ya manachesi ndi mango, amayeza munda, n'kufunsa mwini wake. Pamenepo abale amene sadagwirepo khasu pamundapo amatulukira. Ndipo malo a tonse akakhudzidwa, ndalama yake amalandira ndani, n'kuisunga kuti? Kumbukiraninso za ku Kapise. Mu 2015 ndi 2016 anthu othawa nkhondo ku Mozambique adafika pamenepo mpaka kupitirira 10,000, asanawasamutsire ku Luwani m'boma la Neno. Mwadzidzidzi padafunika malo a misasa, zimbudzi, mijigo ndi chipatala. Mudzi umene ukudziwa malo ake opanda munthu umalandira alendo popanda kulanda munda wa mayi wamasiye.

Tsono za puloti yanu ija. Safunsa adadya phula. Funsani nambala ya puloti, mupite nayo nokha ku ofesi ya za malo kapena kukhonsolo, mukaone ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akukugulitsaniyo. Musatume mnzake wa wogulitsa. Pitani pamalopo mukaone zikhomo zonse ndi maso anu, mucheze ndi oyandikana nawo wogulitsayo palibe. Funsani a mapulani ngati pamalopo sipadzadutsa msewu, ndiponso ngati si malo osungira sukulu kapena msika. M'mbali mwa msewu waukulu ngati wathu wa M6, wochokera pa Zalewa kukafika kuchipata cha Mwanza, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu ndi a msewuwo. Golosale yomangidwa m'menemo ikhoza kugwetsedwa osalandira kanthu. Ndalama iliyonse ya boma kapena ya khonsolo lipirani pa ofesi kapena kubanki, mulandire lisiti ya chidindo. Wina akakuuzani kuti muchite changu chifukwa pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni wa mawayo agule. Ndipo mfumu ya m'tauni ngakhale ikhale yaulemu chotani, siingagulitse malo amene ali m'buku la khonsolo.

Za malo a tonse musadikire saveya, poti masaveya ndi ochepa ndipo kuwaitana kumafuna ndalama. Chilimwe chikubwerachi, udzu ukapsa, tenganani ndi a komiti ya sukulu, aphunzitsi aakulu, anyakwawa, eni minda yoyandikana, ndi ife okalamba amene tidakalipo. Tiyende malire onse a sukulu, tikatero a manda, a dambo ndi a msika. Pamene tagwirizana dzalanipo khonje kapena muikepo mwala ndi simenti. Mmodzi wa inu ajambule, alembe tsiku ndi mayina a onse amene adalipo, osatha kulemba adinde chala. Pepala limodzi likhale kusukulu, lina kwa agulupu, lina lipite ku komiti ya chitukuko ya dera, lina kwa khansala kuti akalipereke kukhonsolo. Khansalayo akadzabwera pamsonkhano mudzamufunse pamaso pa anthu ngati lidafika, ndi kuti lidalowa m'fayilo iti.