Kodi Kutchulidwa Kambiri Ndi Umboni wa Choonadi?

M'masukulu a ukachenjede masiku ano, ulemu wa katswiri wofufuza za ubongo umayezedwa kawirikawiri ndi zinthu zitatu, zomwe ndi kuchuluka kwa zimene wasindikiza m'magazini a sayansi, kuchuluka kwa anzake amene atchula zolemba zakezo, ndiponso mayina a anthu amene wagwira nawo ntchito. Mwambo wowerengera kutchulidwaku unazika mizu Eugene Garfield atayamba kutulutsa Science Citation Index mu 1964, ndipo mu 2005 Jorge Hirsch anayambitsa muyeso wotchedwa h-index, umene umapatsa wofufuza nambala 40 ngati ali ndi zolemba 40 zoti chilichonse chatchulidwa maulendo osachepera 40. Pansi pa manambalawa pagona funso lakale la nzeru zakuya, lakuti kodi kuvomerezana kwa anthu ambiri ndiko kumapangitsa mawu kukhala oona, kapena choonadi chimaima pachokha ngakhale palibe wochiikira umboni.

Mbiri ya Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain imaunikira funsoli bwino kwambiri. Mu 1873 Camillo Golgi wa ku Italy anatulukira njira yodetsera maselo ochepa a ubongo ndi mankhwala a siliva kuti aoneke bwinobwino pa maikulosikopu, ndipo iye, monganso akatswiri ambiri a nthawiyo, ankakhulupirira kuti ubongo wonse ndi ukonde umodzi wolukana wosaduka paliponse. Cajal, ali ku Barcelona mu 1888, anakonza njira yomweyo, nayamba kuona kuti selo lililonse, limene pambuyo pake linatchedwa nyuroni, ndi loima palokha ndipo limangoyandikana ndi linzake popanda kusakanikirana nalo. Popeza ankalemba m'Chisipanishi, m'magazini imene ankaisindikiza ndi ndalama za m'thumba mwake, akatswiri otchuka a ku Germany sankamuwerenga, mpaka mu 1889 pamene ananyamula zitsanzo zake kupita nazo ku msonkhano wa ku Berlin, kumene Albert von Kölliker anadzionera yekha ndi kukhutira. Zimene Cajal anaona zinali zoona mu 1888, omutchula ali owerengeka, monga momwe zinalili m'zaka za m'ma 1950, pamene maikulosikopu ya maelekitironi inaonetsa kampata kolekanitsa manyuroni.

Nalonso bodza limatha kuchulukitsa olitchula. Cholemba china cha mu 2006 m'magazini ya Nature, chokhudza matenda a Alzheimer amene amafafaniza chikumbukiro cha munthu, chinatchulidwa maulendo oposa 2,000 chisanachotsedwe mu 2024 chifukwa cha zithunzi zosinthidwa. Kuwonjezera apo, Robert Merton anaonetsa mu 1968 kuti kutchuka kumathamangira kwa otchuka kale, ndipo khalidweli analipatsa dzina la Mateyo potengera fanizo la matalente la mu Uthenga Wabwino wa Mateyo. Choncho nambala imauza munthu kumene maso a akatswiri alunjika, koma ilibe mphamvu yogamula ngati chimene akuyang'anacho ndi cholondola.

Ngakhale zili choncho, kutchulana kuli ndi phindu lake lozama, chifukwa wolemba akatchula mnzake amakhala akuvomera ngongole, ndiye kuti akuulula poyera kuti nzeru zake zinamera pa munda umene wina analima. Cajal sakanaona nyuroni popanda njira ya Golgi, ngakhale awiriwa ankatsutsana kwambiri moti pamene analandira pamodzi mphotho ya Nobel mu 1906, Golgi anagwiritsa ntchito mwayi wake woyankhula kutsutsa chiphunzitso cha mnzakeyo. Mgwirizano weniweni wa sayansi ndi wotakata kuposa mndandanda wa mayina olembedwa pamwamba pa pepala, pakuti umaphatikiza otsutsa, ophunzira, amisiri a mu labotale ndi odwala amene anapereka ubongo wawo kuti upimidwe.

Motero sukulu imene ikufuna kudziwa kulemera kwa ntchito ya wofufuza iyenera kutenga manambala ngati poyambira chabe, kenako ichite zimene Kölliker anachita, kuwerenga ntchitoyo, kuyang'ana zitsanzo zake, ndi kufufuza ngati ena atabwereza kafukufukuyo anapeza zofanana. Udindo woweruza pakati pa choona ndi chonama ndi wa chikumbumtima cha munthu wowerenga, ndipo sungasiyidwe m'manja mwa kompyuta yowerengera mayina.